Kusowa kwa Namitsuko

Sajeni Fadila Idrisa sankagwirizana ndi mapiri. Anabadwira ku Balaka, kuseri kwa siteshoni ya sitima, pamalo osalala ngati lichero. Ntchito ya upolisi inamuyendetsa. Limbe, Mchinji, Karonga, tsopano Machinga. Paliponse sankachedwa kutopa napo. Chikwama chake sankachimasula chonse.

M'mawa umenewo anakwera chitunda cha kuseri kwa boma ali wefuwefu. Mlandu unali wa duwa. Anzake ku ofesi anaseka mpaka misozi. Iye sanaseke. M'chitokosi munali nkhalamba, Che Akimu, ndipo mawa lake ankayenera kukaonekera kukhoti pa mlandu wakuba.

Mwini duwa anali malemu a Blasius. Fadila ankawadziwa. Mwana aliyense wa kusiteshoni ankawadziwa: chipewa chakuda, wezulo pakhosi, mbendera yobiriwira m'khwapa. Sitima ya ku Nayuchi sinkanyamuka iwo asanakweze dzanja. Atapuma ntchito anasamukira kuphiri kuno, nayamba kusamala maluwa achilendo omwe wansembe wina wa ku Italiya anawasiyira pobwerera kwawo. Sabata yatha a Blasius anamwalira. Anakawaika ku Balaka, kumanda a mpingo. Abale anabwerera kuno kudzagawana katundu. Tsiku logawanalo, duwa lalikulu linasowa.

Pachipata panali Lilian, mwana wa malemu, wogwira ntchito ku Blantyre. Foni m'manja, maso otupa. Ankayankhula msangamsanga ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Anati mwini loji wina wa ku Liwonde wakhala akunyengerera bambo ake kuti amugulitse duwalo. Anati anthu anawaona Che Akimu pamsewu atanyamula thumba. Anati tsikulo aliyense anali kalikiliki ndi mipando, wailesi, mabulangete. Azakhali ake okha, a Sabina, anakana kutenga kanthu ndipo anatsanzika dzuwa lidakali pamutu.

"M'kanyumba kamaluwa muja salowa munthu wina, Sajeni. Anthu kuno amaopa. Amati maluwa odya zamoyo ndi a ufiti. Amalowamo ndi bambo ndi mnzawo uja, Che Akimu, basi."

Kanyumba kamaluwa kanali ka neti, kobisala pansi pa mitengo. Fadila atalowa, thukuta linauma. Munali mozizira. Munkanunkhira ngati m'chitsime. M'mbali munapachikidwa ziguduli zonyowa. Pansi anathira mchenga wa kumtsinje, nawonso wonyowa. Pakona panali migolo ya madzi a mvula, yovindikira bwino. M'timadengu ta waya munkalendewera maluwa ang'onoang'ono. Kunsonga kwa tsamba lililonse kunali kachingwe, ndipo kumapeto kwa kachingweko kunali kamtsuko kofiira, kamawangamawanga, kokhala ndi chivindikiro chake. Fadila anasuzumira m'kamodzi. Timadzi pang'ono. Nyerere zakufa.

Lilian anatchula malamulo a bambo ake ngati katekisimu yemwe anamuloweza mokakamizidwa. Kwawo kwa maluwawa ndi kumapiri aatali a kutsidya kwa nyanja zamchere, komwe nkhungu siichoka. Dothi safuna, amakhala m'ndere za m'miyala ndi makungwa. Madzi a pamjigo ndi imfa, ali ndi mchere. Feteleza amawotcha mizu. Masana afuna mthunzi wowala ndi kupopera mpweya kuti ukhale wachinyezi. Usiku afuna kuzizira. Mpweya ukauma, timitsuko ndi timene timayamba kufa.

"Lalikulu lija ankalitcha Namitsuko. Ankalipatsa moni m'mawa. Ine pa foni ankandiuza za iye asanandifunse za ana."

Dengu la Namitsuko linali pamalo pake. Likulendewera, lopanda kanthu. Fadila anaima pansi pake nthawi yaitali. Wogulitsa duwa akanatenga ndi dengu lomwe. Uyu anazula, nasasa mizu. Anasiya timaluwa tosavuta kubisa m'jekete. Ndipo atatha, anasesa. Mizere ya tsache inkaoneka pamchenga, yolongosoka, yopita kukona imodzi. Pakonapo panaunjikidwa zinyalala, koma wina anadzaziwola pambuyo pake. Zala zake zinasiya mikwasa yakuya.

Anthu awiri, ndiye kuti. Woyamba wodekha. Wachiwiri wothamanga.

Fadila anapereka mpope wopopera kwa Lilian, namuuza kuti anyowetse ziguduli. Kenako anatsika phiri.

*

Thumba lomwe anagwidwa nalo Che Akimu linali kuseri kwa kauntala. Konsitabo wachinyamata analemba kuti munali zinyalala, duwa anali atagulitsa kale. Fadila anapisamo dzanja. Ndere. Zinali zidakali zonyowa.

Che Akimu anakhala pasimenti, miyendo atapinda, kanzu yawo yoyera itadetsedwa m'mawondo. Ndevu zinali mbuu. Fadila anagwada pang'ono powapatsa moni m'Chiyao. Iwo anayankha mwaulemu wonse, ngati akulandira mlendo pakhonde pawo. Anamuyang'anitsitsa.

"Iwe si mwana wa Che Idrisa wokonza njinga? Unkaba nzimbe pangolo za sitima."

"Ndine ndemwe, baba."

"Wakula. Ndipo tsopano umagwira akuba."

Anaseka okha, motsitsa. Koma pa za duwa, pakamwa panatsekeka. Fadila anafunsa komwe ankapita ndi thumba. Anati ankayenda. Anafunsa ngati anakumana ndi mwini loji. Anati ngwamba, iyayi, munthu ameneyo sanamwe naye ngakhale madzi. Anafunsa amene anasesa m'kanyumba muja. Iwo anayang'ana khoma. Anangoti Mulungu ndiye amaona zonse, ndipo ngati khoti likufuna munthu, iwo alipo.

Fadila anawakumbutsa zaka zawo. Anawauza kuti ndende si malo a munthu wa chifuwa ngati chawocho. Anagwedeza mutu, kuvomereza, ngati akumva za munthu wina. Anafunsa ngati timaluwa totsala tapoperedwa. Atamva kuti Lilian akupopera, mapewa awo anatsika.

Fadila anatembenuka kuti azipita. Mawu anamupeza pachitseko.

"Mwanangu, pobwera unaona kumwamba? Kutsidya kwa Shire kwachita mitambo?"

"Iyayi, baba. Kuli ngwee."

Nkhalamba inatseka maso. Milomo inkagwedera ndi pemphero.

Munthu ali m'chitokosi ku Machinga, munda wake uli ku Machinga. Za mitambo ya kutsidya akuzifuniranji?

*

Pa siteji ya maminibasi panali a Esime, ogulitsa mandasi. Ndi iwo anauza apolisi za thumba. Fadila anagula mandasi awiri kuti nkhani ifewe. Siinafunike kufewetsa. A Esime akayamba kuyankhula, mafuta amapserera m'chiwaya.

Anati iwo sanatchule munthu kuti wakuba, iyayi, anangonena zomwe maso anaona, ndipo maso awo ndi abwino kuposa a mwamuna wawo yemwe amapita ku Ntaja kukagula mbuzi n'kubwera ndi yakhungu. Anati konsitabo uja anafunsa funso limodzi lokha, kuti kodi anaona thumba. Iwo anati eya. Iye n'kutseka buku.

"Ndiye mukanafunsidwa lachiwiri mukanati chiyani, mayi?"

"Ndikanati gogo uja ankathamanga. Kanzu atakwinya chonchi, nsapato imodzi itatsala kumtunda. Thumba likudontha. Chibadwire changa sindinawaone akuthamanga, ngakhale mvula ya matalala. Amakuwira minibasi kuti iime. Koma inali itapita kale."

"Yopita kuti?"

"Ya ku Balaka. Anaima pamsewu pomwepa, thumba m'manja, mpaka fumbi linatha. Kenako anakhala pamwala apo. Apolisi anu anawapeza pomwepo."

Za omwe anakwera, a Esime sanaonetsetse. Anali anthu a pamaliro, amayi ovala zitenje za mpingo, onse ofanana kumsana. Koma kondakitala ankamudziwa. Trust. Wamwano uja, wodya mandasi asanapemphe.

Fadila anapukuta mafuta m'zala. Che Akimu sankathawa ndi duwa. Ankalithamangira, ndi ndere zake m'manja.

*

Anamupeza Trust pa depoti ya Liwonde, atatsamira chitseko, akuitanira anthu ndi mawu osasa. Ataona yunifolomu anayamba kufotokoza za matayala. Fadila anamuuza kuti za matayala adzakamba tsiku lina.

Mtima wa Trust unakhala pansi. Nkhani ya duwa ankaikumbukira, ndani angaiwale. Anati anakwera mayi wina wachikulire, mpango wakuda kumutu, atakumbatira thumba la feteleza. M'thumbamo munkasuzumira masamba ndi timabotolo tofiira. Iye anati thumba lipite kumbuyo. Mayiyo anakana. Analiika pamiyendo ngati khanda.

"Ndiye tafika pa mahampu a pa baraji paja, madamu. Galimoto idumphe. Timabotolo tija tikhuthuke. Pa thalauza la aphunzitsi ena ake, loyera, losita. Madzi onunkha, ntchentche zakufa, mphemvu. Aphunzitsi Chingerezi chinatha, anayamba kutukwana m'Chilomwe."

"Mayiwo anati chiyani?"

"Sanapepese. Anangoti ndi katundu wa achimwene awo, akukawapatsa."

Anatsikira ku Balaka. Kamtsuko kamodzi kanathothoka, katsala pansi pa mpando. Trust anakamangirira pa galasi la dalaivala kuti kazikongoletsa. Anakaloza monyadira, kenako anachita tsinya. Kanali katauma. Kofiirira, kokwinyika, ngati fodya wa pa shedi. Fadila atakakhudza kanathetheka.

"Dzana kanali kowala ngati tomato," anatero Trust. "Zinthu za ku China izi."

Fadila anakwera minibasi yomweyo. Anakhala kutsogolo. Atawoloka Shire, mphepo yolowa pawindo inasanduka ya m'ng'anjo. Milambe inaima yopanda tsamba. Okutobala wa ku Balaka sasewera. Iye ankaganiza za munthu mmodzi yemwe anakana mpando, anakana wailesi, natsanzika dzuwa lili pamutu. Mchimwene wa a Sabina anali mmodzi yekha. Ndipo anali pansi pa nthaka.

*

Atafika ku Balaka, sanakwere kabaza nthawi yomweyo. Miyendo inamutengera kusiteshoni yokha. Benchi yaitali ija kunalibe. Mtengo wa mango womwe ankabisalamo anaudula. Njanji zinkanyezimira zokha padzuwa, mbuzi zikudya mapepala pakati pake. Kale pano pankadzaza fungo la nsomba za ku Chiuta ndi malalanje, amayi akukuwa mitengo ya zinthu pamawindo a sitima, ana akuthamangira mabogi mpaka kumapeto kwa pulatifomu.

Pansi pa mango paja mpamene a Sabina ankagulitsira tiyi. Anali mayi wamtali, wosaseka ndi makasitomala. Makapu awo a malata ankawala. Akamaliza, ankasesa malo awo mpaka kunjanji, ngakhale sanali awo. Ndipo kumapeto kwa benchi, tsiku ndi tsiku, kunkakhala mwamuna wolumikiza mabogi, wovala kofia. Akimu. Ankamwa tiyi mwakachetechete, maso ali m'kapu. Amayi ake a Fadila ankanong'onezana ndi anzawo kuti awiriwa akanakwatirana, koma amalume a uku anati tchalitchi, amalume a uko anati mzikiti. Aliyense anakwatira kwina. Tiyi yekha ndiye sanasiye.

Kunyumba kwa a Sabina kunali loko. Wakabaza wa pakona, Zubairu, anayankha asanafunsidwe bwino. Anati mayi aja mutu wayamba kuwasokonekera ndi chisoni. Kukacha amanyamula ndowa ya madzi a pamjigo ndi ambulera, ulendo wa kumanda. Amabwerako dzuwa litapendeka. Tsiku lomwe anafika anamutuma kuti awanyamulire feteleza pang'ono, wotapa m'thumba lomwe anasungira munda wawo.

"Feteleza kumanda, bwana. Inu munamvapo?"

"Tiye," anatero Fadila. "Palasa ngati ukuthawa ine."

*

Manda a mpingo anali pambalambanda. Mitanda yoyera, udzu wopsa. Mtumbira watsopano unali kumapeto, nkhata zamaluwa zitafota pamwamba. Pambali pake panakhala a Sabina, miyendo atatambasula, msana uli padzuwa. Ambulera sinali pamutu pawo. Anaigwirizira duwa.

Namitsuko anabzalidwa kumutu kwa mtumbira. Anamukumbira bwino, namuzunguliza kamkombero ka dothi lofiira monga amachitira ndi mbande ya mango. Anamuimikira kamtengo koti ayangepo. Pansi panali timibulu toyera ta feteleza, tosungunuka theka. Timitsuko tonse tinali lende, touma. Masamba anapsa m'mbali. Kumtunda kwa tsinde kokha kunatsala kobiriwira pang'ono.

Fadila anavula chipewa. Anagwada pamtumbira kaye. A Sabina anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndiwe wa kwa Idrisa. Mayendedwe ndi a mayi ako."

A Sabina sanabise kanthu. Sanaone choti abise. Anati mchimwene wawo wagona yekha kuno, mkazi wake anaikidwa kwawo ku Mulanje, ana ali m'matauni. Anati munthu amene wakhala zaka zonsezi akulankhula ndi duwa m'mawa uliwonse sangamusiye wopanda womupatsa moni. Ena anatenga mipando. Iwo anatenga ichi, osati chawo, cha mwini wake. Anasasa zinyalala zomwe zinali kumizu kuti lilowe m'dothi lenileni. Analipatsa feteleza yemwe akanathira chimanga chawo. Madzi akuthira m'mawa ndi masana, otunga okha.

"Ndalipatsa zonse zomwe ndili nazo. Koma likukana. Mwina likulira mwini wake."

Fadila anawafotokozera pang'onopang'ono, monga anamvera kuphiri. Za nkhungu. Za mchere wa m'madzi a pamjigo. Za usiku wozizira womwe ku Balaka kulibe. Anati zinyalala zija ndizo zinali nyumba yake. A Sabina anayang'ana timibulu toyera tija.

"Ndiye ndikulipha ndine."

"Simunadziwe, mayi. Koma sindinabwerere duwa lokha. Lilian anakadandaula kupolisi. Che Akimu ali m'chitokosi. Mawa akupita kukhoti."

Ambulera inapendekeka.

"Akimu? Walakwa chiyani?"

"Anakuthamangirani ndi ndere zija mpaka pamsewu. Anthu anaona thumba."

"Anandiona?"

"Ndikhulupirira anakuonani."

"Ndiye sananene?"

"Akuti ngati khoti likufuna munthu, iwo alipo."

Patali sitima ya katundu inalira, yaitali, yosaima. A Sabina anadikira mpaka phokoso linatha.

"Chitsiru," anatero motsitsa. "Chikhalire chitsiru. Ndi chifuwa chake chija, pasimenti."

Anapatsira Fadila ambulera. Anagwada, nayamba kufukula dothi ndi manja, mosamala, akulankhula ndi mtumbira ngati munthu ali pakhonde. Anati achimwene pepani, mlendo wanu ndikumubweza, kuno sakukwanako. Mizu inatuluka yakuda, yopyapyala ngati ulusi. Anafuna kuitsuka m'ndowa. Anaima, nayang'ana Fadila. Fadila anatulutsa botolo la madzi ogula m'sitolo lomwe anali nalo m'chikwama. Sanadziwe ngati ndi oyenera, koma sanali a pamjigo. A Sabina anamasula mpango wakuda kumutu kwawo, imvi zili poyera, naunyowetsa. Anakulunga mizu ndi tsinde.

Fadila anaimba ku Machinga. Mkulu wa polisi anati nkhani waimva, koma munthu satuluka pokhapokha wodandaula abwere yekha kudzathetsa mlandu. Fadila anaimbira Lilian. Asanamalize moni, a Sabina anatambasula dzanja lamatope.

"Lilian. Ndi ine, azakhali ako. Duwa la bambo ako ndinatenga ndine. Ndinadzawabzalira pamanda." Anamvetsera pang'ono. "Iyayi, usandifunse zambiri pa foni ya eni ake. Tsika phiri, upite kupolisi, ukamutulutse munthu uja. Ukamugwadire. Ngati ukufunabe wogona m'chitokosi, uwauze asese, ndikubwera pa minibasi."

Kumbali inayo Fadila anamva kufwenthera, ndi mawu aang'ono, osafanana ndi a pachipata paja.

"Azakhali, lidakali moyo?"

A Sabina anayang'ana mtolo uli pachifuwa pawo. Anatsegula mpango pang'ono, nautsekanso.

"Ine sindidziwa, mwanawe. Angadziwe ndi Akimu. Kamutulutse, akuuze."